Chala Chichoke pa Batani

Abambo,

Ndapita kumtunda kwa mwana wathu, matenda a uchembere amuyamba m'mawa uno. Mkamwini anadzanditenga inu muli kudibi ndi ng'ombe. Pepani, sindikanadikira, ndipo jekete lanu la mvula ndavala ine.

Kumeneko foni siigwira, mukudziwa. Mkamwini wabwereka mawailesi awiri olankhulirana kuntchito kwake. Imodzi ndatenga, inayo ili pawindo la kuchipinda, yotchaja kale. Potozani kabatani ka pamwamba mpaka iyake, pagalasi paoneke nambala 4. Nambalayo musaisinthe. Musainyamulire ku eriyo ngati khoswe wakufa, ndipo isanyowe. Kukayamba ziphaliwali lowani nayo m'nyumba.

Azamba akaona kuti zavuta ndikuitanani, inu muthamange kwa adalaivala a lole adzatipeze pamlatho. Galimoto singapitirire pamenepo chifukwa cha matope, timunyamula pamachira mpaka apo.

Tsono mvetsani apa. Polankhula dinani batani la m'mbali, wailesi italikirane ndi pakamwa ngati zala zinayi. Mukamaliza chotsani chala. Chala chikakhala pabatani mawu anga sangakufikeni, ngakhale ndikuwe mpaka kukhosi kuwume. Ndikaitana mungoti "ndamva", basi. Za amene analephera kukonza msewu mudzandiuza ndikabwera, sizithawa.

Ine ndatha zaka makumi anayi ndikudikira kuti mupume kaye ndiyankhepo. Mwanayu alibe nthawi imeneyo.

Ndine,
Mayi a m'nyumba muno