Buku Lomwe Linkasowa

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kuzizira kwa ku Rumphi kuno sindinakuzolowerebe, koma lero mtima wafunda.

Nditaweruka kuchipatala ndinadzera kwa anyaGondwe, eni nyumba yomwe ndikukhalayi. M'kabati mwawo, pakati pa mabuku a nyimbo, ndinaona chikuto chomwe ndinachizindikira pomwepo: nthano zija za mtsikana woyenda pa ngalawa ya m'mitambo, kufunafuna mlongo wake. Buku lomaliza lenilenilo!

Kusukulu kwathu ku Balaka mabuku onse a nthanozi analipo kupatula limeneli. Ine ndi malemu achemwali anga a Esinati tinawawerenga mpaka masamba kuthothoka. Mathero ake achemwali anachita kupeka okha tikusenda chinangwa: mtsikanayo anam'peza mlongo wake, onse n'kufika kwawo mvula yoyamba ikugwa.

"Tengani mwana wanga, likungodyedwa ndi njenjete," anatero anyaGondwe. Ndinawathokoza m'Chitumbuka chawo kuti yewo chomene.

Ndalipukuta, ndalinunkhiza, koma kutsegula ayi. Mabuku amenewa ndiwo anatiphunzitsa kuti wotayika amafunidwa mpaka apezeke. Nanga wolembayo akakhala kuti anamaliza mwina? Achemwali kulibenso kuti aikire kumbuyo mathero awo aja. Bukuli ligone kaye patebulopo. Kwa lero, mtsikana uja wafika kwawo mvula ikugwa.