Dothi la Pamaliro a Amayi

Lachisanu, Okutobala. Kunja kwatentha, koma mumtima mwanga muli zii.

Ndili mwana ku Petauke ndinaonera filimu ya anthu a m'tsogolo omwe ankacheza akuonana nkhope pagalasi, wina ali kutali. Ndinalonjeza amayi kuti ndidzawagulira makina otero. Anaseka.

Ena analakalakanso zomwezo mpaka anawapanga. Lero ndaonerapo maliro a amayi, nditabisala kuseri kwa khitchini ya loji ku Nakatindi, kutali ndi kwathu. Ba manija anandimana tchuthi. Akuti, "Alendo ni ambiri, muzaonera pa foni."

Kumanda, mlongo wanga Yona anakweza foni. "Ba sisi, ni nthawi yanu yoponya dothi."

Ndinawerama n'kutapa dothi la konkuno. Likadali m'thumba la yunifolomu yanga. Ndikaliponye kuti?