Bambo wa Chipewa pa Benchi ya Amayi

Achemwali anga,

Ndiye ine ndili phee kuseri kwa mtengo, mimba yonseyi nditaikokera m'kati, ndikuona Amayi akhala pa benchi ndi bambo wina wa chipewa. Ee, Amayi athu omwewa! Khalani pansi musanagwe.

Pepani, ndayambira pakati. Muli bwanji kumeneko? Alamu akunenepabe? Nanga ana? Ine ndili bwino. Ndinafika Loweruka kudzapuma holide, msewu wonse unaima kundiona. Atsikana awiri anakomoka, winayo sanadzukebe.

Nkhani inayamba ndi batani. Ndinapatsa Amayi shati yanga yoyera kuti andisokerere. Anandibwezera mawa lake, batani lili pambali, ulusi wofiira. Amayi, telala amene anaveka akwati a tauni yonse! Nditafunsa anati ndiyo fashoni ya masiku ano. Mumtima ndinati apa pali kanthu.

M'mawa uliwonse amanyamula chikwama, akuti akupita kukasoka pakhonde pawo paja. Koma akamabwera pa diresi palibe ngakhale kaulusi kamodzi. Kale paja ankabwera ngati agubuduzika m'dengu la zigamba. Ndinati basi, mayi apeza chibwenzi.

Lachitatu ndinalowa m'shopu ya zinthu zakale ija, yoyandikana ndi ometa, kufuna jekete loti akandiope kuntchito. Pakati pa mawailesi akufa, mawotchi oima ndi zipewa zafumbi, ndikuona makina osokera. Pa thabwa lake pali chipsera cha simbi, chija munaotcha inu n'kunamizira ine, ine n'kukwapulidwa. Makina a Amayi!

Mwini shopu ndinamuyang'ana ndi diso langa lija mpaka thukuta lake linadzaza ndowa. Ndinkayesa ndagwira wakuba. Iye anati Amayi anabwera nawo okha pa wilibala miyezi itatu yapitayo, n'kupempha kuti asawaike pawindo. Akuti masiku ena amalowa, n'kusisita makinawo, n'kutuluka.

Lachinayi ndinawatsatira. Kukhonde sanakhotereko. Ankayenda chotsamira mpanda, dzanja likukhudza chipilala chilichonse, mpaka analowa m'paki ija ya zii, yomwe ngakhale mbalame zimanong'onezana. Anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, mpaka dzuwa kupendeka. Za bambo wa chipewa dikirani, ndikuuzani.

Ndinatuluka kuseri kwa mtengo n'kudutsa pamaso pawo penipeni, kawiri, nditavala shati yachikasu ija yooneka uli kumwezi. Anandipatsa moni mwaulemu, ati zikomo bambo, muyende bwino. Achemwali, sanandizindikire. Ine Chimkamwa, mwana wawo!

Kunyumba ndinawafunsa. Poyamba anakana, ati ndinabadwa ndi makutu aatali. Kenako anaulula kuti maso awo achita nkhungu, bowo la singano linawasowa chaka chatha. Anaononga diresi ya ukwati ya mwana wa eni ake, ndipo manyazi ake ndi amene anawachotsa pakhonde. Kupaki amapita kuti aneba aziti akugwirabe ntchito. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, poti muli ndi zanu. Ndinalumbira ndithu. Koma mwana amene anabereka akumudziwa.

Anesi a nyumba yachitatu aja awayang'ana, akuti ndi ng'ala, kuchipatala amachotsa munthu n'kuonanso. Amayi akukanitsitsa, ati diso lawo si nsalu yoti wina alowetsepo sizasi. Ine sandimvera, akuti ndimanama ngakhale pouza munthu nthawi. Inu ndiye amakuopani, nanenso ndimakuopani, alamu ndiye osanena.

Chonde bwerani. Holide yanga ikutha Lamlungu la mawa, ndipo sindingakwere basi ndikudziwa kuti msewu waukulu uja amawoloka ndi makutu. Mukafika muyambe mwandikalipira pamaso pawo chifukwa choulula, mtima wawo ukhale pansi, kenako muwagwire dzanja tipite.

Mulungu akusungeni panjira. Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti malume awo akongolerakongolera.

Ndine mlongo wanu wotchuka,
Chimkamwa

Za bambo wa chipewa uja: kulibe. Chipewacho ndachitola m'shopu muja, bamboyo ndamuumba ndekha, chifukwa makalata anga mumawerenga mizere iwiri n'kupatsa ana kuti apange ndege. Pa benchi paja Amayi amakhala okha.