Injini Imene Bambo Amandidziwira

Lolemba, 3 Juni

Lero ku fakitale atipatsa masikuta a magetsi, tonse amene timayesa njinga zamoto zisanapite kokagulitsa. Sikuta yanga yakale ya petulo aitenga. Akuti ikakhala m'chipinda choonetsera alendo, poti ndi imodzi mwa zoyambirira zimene fakitale inapanga. Injini yake anamanga ndi Bambo ali mnyamata. Aikhetsa petulo ndi oilo yense, aichotsa pulagi, aipukuta mpaka waliwali.

Zandiwawa. Koma ndisaname, yatsopanoyi ndi yabwino. M'tauni ikungodutsa pakati pa magalimoto, phokoso ayi.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndalowa m'nyumba, Bambo adzidzimuka pampando. "Ndinu ndani, mayi?" Ndaseka, iwo osaseka.

Maso anasiya kuona kalekale, mutu nawo wayamba kutaya zinthu, koma ine anali asanandiiwalepo. Kani amandidziwira injini ija. Ikangokhosomola kawiri pageti n'kuzima, iwo amati, "Wabwera mwananga." Lero sinakhosomole, ndiye kwa iwo sindinabwere.

Lachinayi, 6 Juni

Ndayesa kuliza hutala pageti. Akuti hutala aliyense ali nayo.

Chakudya adya, koma mwaulemu, ngati ali kwa eni ake. Kenako ndawamva akunong'oneza aneba pawindo: "Mwana wanga sakubwera. Muno muli mzimayi wolowa ngati mphepo."

Ndakalirira kubafa, mpopi uli chitsegulire.

Lachisanu, 7 Juni

Ndapempha kapitawo kuti andibwezere yakale ija. Wandiyang'ana ngati ndapempha impso yake. "Imeneyo ndi mbiri ya kampani tsopano, achemwali." Mbiri yanji, mwini wake amene anaimanga akundiyesa mlendo kunyumba?

Ndapita kukaiona kuseri kwa galasi. Pansi pake pali kadontho ka oilo, konyowa. Mayi wosesa akuti amapukuta m'mawa uliwonse, koma kamabweranso. Akutinso tsiku lina anagwira injiniyo n'kupeza ikufunda. Wandiuza ndisauze munthu. Ndiuzenso ndani ine?

Loweruka, 8 Juni

Nzeru za alamu: apeza pafoni kulira kwa sikuta ya mtundu womwewo, aimirira pageti n'kuiliza foniyo. Bambo amvetsera mutu uli chopendeka. "Imeneyo si yanga. Amene anamanga imeneyo anali pa changu."

Alamu aseka mpaka misozi. Ine ayi.

Lamulungu, 9 Juni

Masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndimasita zovala pabalaza, Bambo akuwodzera. Ndamva injini ikukwera msewu wathu, ndipo ndaidziwa isanafike n'komwe. Yakhosomola kawiri pageti, kenako zii.

Ndasuzumira pawindo. Geti lotseka, pabwalo palibe munthu. Ya magetsi yokha, ili pachaji pomwe ndinaisiya.

Bambo aimirira osafuna ndodo, ayenda mpaka pakhomo, atsegula, nkhope yonse ili mwee. "Wachedwatu mwananga. Lowa." Apatuka pang'ono kuti wina adutse. Kenako atembenukira kwa ine, mwaulemu wonse: "Mayi, zikomo pondisamalira masiku onsewa. Mwini nyumba wafika, mutha kumapita."

Ndazimitsa simbi, ndatuluka. Sindikudziwa chifukwa chake ndamvera.

Ndikulemba izi pakhonde. M'katimo Bambo akucheza, akuseka ngati kale. Akasiya kulankhula, pali amene akuwayankha.

Mawuwo ndi anga.