Chibwano cha Galimoto ya Achimwene

Thuchila, Mulanje
18 Seputembala 2023

Okondedwa achimwene a Lenard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tili bwino, ndipo mlongo wanune tsopano ndine mayi wapabanja, ngakhale mawu adakali osasa chifukwa cha kuimba.

Katundu munatumiza uja anafika ukwati usanachitike. A Pilato, amakaniko a pamsika aja, anatulutsa galimoto yanu yofiira m'shedi n'kuichotsa bampala. Magirilo atsopanowo, otchinga kumaso kwa injini, a timabowo ngati chisa cha njuchi, analowa osavuta. Koma sipoila ija, yomangirira kutsogolo m'munsi mwa galimoto, imene ana kuno aitcha chibwano, inawatulutsa thukuta: kuyeza, kuboola, kumanga mabawuti atagona chagada pakatoni. Atamaliza, galimoto inaoneka ngati ikununkhiza pansi. Kukongola kwake ndiye musanene, ndipo ine ndinanyada kwambiri.

Munandiuza pafoni kuti popeza simubwera, galimotoyi ikanditule pakhomo penipeni pa tchalitchi m'malo mwanu. Koma inu achimwene, Joni yakuiwalitsani msewu wa kwanu? Pokhotera ku tchalitchi paja pali mtumbira uja anaumba anthu kuti madzi a mvula azipatuka. Titafika pamenepo, chibwano chinagwira dothi kuti khwee, a Pilato, amene ankayendetsa, n'kuponda buleki. Kwaya ikuimba, akwati anga a Honest akudikira pakhomo thukuta lili kamukamu, ine ndili m'velo, galimoto osasuntha.

Amalume anati pabwere makasu agumule mtumbirawo. Eni minda ya kumunsi, amene anali paukwati womwewo atatchena, anakanitsitsa kwamtuwagalu, ati mvula ikadzagwa chimanga chawo chidzapita ndi madzi. Amayi a mumpingo anayamba kuyala zitenje pansi kuti ndingotsika ndiyende. Ine ndinati, "Achimwene anati pakhomo penipeni. Sinditsika."

Basi a Pilato anavula jekete, n'kulowa pansi ndi sipanala, kumasula zimene anavutika nazo kumanga. Galimoto inakwera mtumbira ngati palibe kanthu, ndipo pambuyo pathu pankabwera Janeti, mnzanga wondiperekeza uja, atasenza chibwano pamutu akuvina, nthungululu zili pakamwa. Alendo ena ankayesa ndi mphatso ya ukwati.

Ndinatsika pakhomo penipeni. Pampando wakutsogolo, pambali pa dalaivala, sindinalole munthu kukhalapo, poti panali panu. Potsika ndinauyang'ana mpandowo ndipo ndinalira, musandiseke, mpaka phaudala yense anachoka. Ndinakusowani kwambiri.

A Pilato akuti abwezeretse chibwanocho, koma ndawaletsa. Chili kuchipinda kwa amayi, ndipo sichinakandike kwenikweni. Amayi akupereka moni, ndipo m'mawa uliwonse amachipukuta fumbi. Alamu anu a Honest akuti atopa n'kukuonani pafoni, akufuna kukugwirani chanza. Mabawuti onse ndasunga, sipanalanso ilipo. Mubwere mudzachimange nokha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Rosie