Buku Limene Ndinasoka Mosemphanitsa

Lachitatu, pa 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi ana onse. Bondo lija likukuvutanibe? Ine kuno ndili bwino ndithu. Anthu sanasiye kung'amba nsapato, ndiye mlongo wanu sagona ndi njala.

Mwaona kale kuti zilembozi ndi zachilendo. Lero sakulemba ndi ometa tsitsi aja ayi. Aja ukawauza mawu m'mawa, masana umawamva kwa munthu wodzasoketsa lamba. Akundilembera ndi a Nesi, amene amakhala nyumba ya chitseko chobiriwira moyang'anana ndi shopu yanga. Anapuma ntchito ya kuchipatala, ndipo amuna awo anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndawapempha kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga osakonza, chifukwa ndikayamba kusankha mawu ndithera pa moni. Avomera.

Nkhani yake ndi ya buku. Musaseke, achemwali, ndikudziwa kuti ine ndi buku tinasiyana kalekale.

Mwezi wathawu a Nesi anabwera ndi kanthu m'jumbo. Ine ndimati ndi nsapato. Akuti, "A Chidendene," ndi mmene amanditchulira, "inu mumasoka chikopa. Pepala lingakukanikeni?" Ine ndinati, "Mayi, pepala linandikanika ndili kalasi yachitatu." Anaseka, koma analiika ndithu patebulo.

Bukulo mukanaliona. Chikuto chinachoka, msana wonse pululu, makona kutha ngati chidendene cha munthu woyenda malonda. Ngakhale manambala a masamba anafufutika ndi chala. Linali la amuna awo, ankawerengerana akaweruka. Akuti aliwerenga maulendo opitirira makumi atatu, mpaka analeka kusunga chiwerengero. Ine zinandidabwitsa. Ndinati, "Nanga nkhani yoti mukuidziwa kale, mumafunamonso chiyani?" Iwo anangoloza kumapazi kwanga. "Inu bwanji mumavala nsapato zomwezo tsiku ndi tsiku, pomwe pashelefu pali zabwino?" Ndinati, "Izi zimadziwa phazi langa." Akuti, "Basitu."

Tsopano apa ndi pamene ndinalakwa. Buku, achemwali, amalisoka m'timagulu ta masamba. Ili linali ndi timagulu tisanu. Titatu toyamba tinali tikugwiranabe ndi ulusi wakale, koma tiwiri tomaliza tinali tayokha, ndipo ndikutulutsa m'jumbo tinagwera pansi. Kakutsogolo ndi kati? Manambala palibe. Zilembo zake zing'onozing'ono ngati nyerere, ine ndimatha zazikulu za pazikwangwani zokha. Ndikanangowoloka msewu n'kufunsa eni ake, kapena kuitana ometa tsitsi. Koma manyazi. Ayi, ndinene zoona, si manyazi okha. Ndimafuna a Nesi aone kuti ndachita ndekha. Alemba zimenezo? Alemba. Chabwino.

Ndiye ndinaganiza ngati wosoka nsapato. Ndinati, chinthu chimene chayenda kwambiri chimadziwika ndi kutha. Munthu aliyense akagwira buku amayambira kutsogolo, ena amatopera panjira, ndiye kutsogolo kumada kuposa kumbuyo. Ndinayang'ana timagulu tija. Kena kanali kakuda bii, kofewa ngati nsalu, malo ena kokhala ngati kanadontheredwa madzi. Kena kanali koyererako. Ndinaika kakuda patsogolo, koyera kumapeto. Ndinasoka ndi ulusi wopaka phula, ndinadula kachikopa kofewa kotsala pa chikwama cha munthu wina, n'kupanga chikuto. Masiku atatu. Sindikudzitama, koma linakongola. Ngakhale ometa tsitsi anati likuoneka ngati la kwa loya.

Patapita masiku awiri a Nesi anabwera, anakhala pa benchi ya makasitomala, buku lili pamiyendo. Sanapereke moni. Anangoti, "A Chidendene, kalipentala wauka."

Ine ndinati, "Kalipentala wake uti? Amadwala?"

Ndiye anandifotokozera. Bukulo limanena za kalipentala amene ankamangira mkazi wake nyumba pang'onopang'ono, zaka ndi zaka. Kumapeto amakhoma denga, kenako amadwala n'kumwalira, buku n'kuthera pamaliro. Koma mmene ndinasokera ine, munthuyo amaikidwa m'manda bwinobwino, anthu n'kubalalika, ukatembenuza tsamba uyo ali padenga akuimba mluzu, akukalipira mkazi wake kuti makwerero sakugwira bwino.

Achemwali, tangoganizani. Chinthu chokhacho chimene amuna awo anawasiyira chogwirika m'manja, ine ndachiononga ndi nzeru za chidendene. Ndinaganiza kuti basi, pa benchi iyi sadzakhalaponso, ndipo ndizingoona chitseko chobiriwira chili chotseka. Ndinatenga mpeni kuti ndisomole ulusi. Pakamwa pakungotuluka zifukwa. Ndinawauza zonse, za kuda ndi kuyera zija.

Anatsegula pa masamba akuda aja, a maliro, n'kumawasisita ndi chala. Kenako anati, "Ndiye kuti apa ndi pamene ndayenda kwambiri." Anatsegulanso pa oyera aja, a padenga. Akuti, "Ndipo apa ndinkangodumphapo, kuthamangira kukalira." Ndinatambasula dzanja kuti andipatse ndikonze. Iwo anaika chikhatho pamwamba pa buku. "Bwezani mpeni wanu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuthera kumanda. Ndithereko padenga."

Chichokereni tsiku limenelo amabwera masana alionse dzuwa likapendeka, amakhala pa benchi n'kumandiwerengera ine ndikusoka. Talimaliza kawiri. Ulendo woyamba ndinkamvera kuti ndidziwe zochitika. Wachiwiri ndinkadziwa kale, koma ndi pamene linakoma, chifukwa ndinkadikira malo ena ngati mmene umadikira mnzako pa mphambano. Pali pena pamene kalipentala amayeza zenera katatu n'kulidulabe lalifupi. Pamenepo ndimayamba kuseka tsamba lisanafike. Ometa tsitsi nawo amaima pakhomo lumo lili m'manja, kumatsutsa kuti munthu wakufa sangakhome malata. A Nesi amati, "Kametani anthu, bambo, kasitomala wanu ali ndi mutu theka."

Limathera modabwitsatu tsopano. Kalipentala ali padenga akuti, "Tandipatsira misomali, mvula ikubwera." Mkazi wake akukweza dzanja. Basi, pepala latha, mawu atheranso panjira. Ine ndimawakonda mathero amenewo.

Tsopano, achemwali. Mmm. Mwakhala mukundinena zaka khumi, chimwalirireni mayi a ana, kuti ndidzafa ndikulankhula ndi nsapato. Lachisanu likubwerali timaliza ulendo wachitatu, ndipo ine ndikuopa kuti mwina anena kuti zakwana. Ndayesa katatu kunena mawu ena ake. Ulendo woyamba ndinangoti nsapato zawo zikufunika polishi. Wachiwiri kunabwera kasitomala. Wachitatu kunalibe kasitomala, koma ndinanenabe za polishi.

Cholembera chaima. Lembani, mayi, iyi ndi kalata ya achemwali, si yanu.

Ndiye ndikuuza inuyo, achemwali, poti kwa inu sindichita chibwibwi. Ine ndikufuna buku limeneli lizikawerengedwa kunyumba, osati pa benchi ya makasitomala. Ulendo wachinayi, wachisanu, mpaka chikuto changa chija chithe ndisokenso china. Ndilibe zambiri. Sukulu mukuidziwa, zaka mukuzidziwa, denga langa limadontha pakona ya kuchipinda. Koma munthu ameneyu akatseka buku n'kuwoloka msewu, shopu imakhala ngati nsapato imodzi yopanda inzake. Ngati ndalakwa kunena, ndalakwa. Kusemphanitsa zinthu ndinayamba kale.

Tinaima pang'ono apa. A Nesi amapukuta magalasi, akuti munalowa fumbi la chikopa. Apukuta nthawi yaitali ndithu. Ine ndakhoma chidendene chonse cha nsapato ya mwini golosale, ndipo ndikuona ngati ndakhoma chopendama.

Akuti ndikuuzeni kuti denga lodonthalo likonzedwe kaye, buku lawo lisakanyowe. Ndafunsa kuti tanthauzo lake n'chiyani. Akuti munthu amene anaukitsa kalipentala asamafunse mafunso a ana.

Choncho ndikupempha kuti bondo likalola mubwere mwezi wamawa, mudzakhale nafe masiku angapo. Alamu abwere ndi hamala yawo ija, ine misomali ndipeza. Mudzamvereko ndi bukuli, koma musadzafunse kuti bwanji wakufa ali padenga, tatopa nawo ometa tsitsi.

Moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa kamdzukulu kaja kamene sindinakaonebe. Mundiyezere phazi lake ndi ulusi, muike mu envelopu. Wolembayu akuti naye apereke moni wake pansipa, ndipo wafunsa kuti akutchuleni ndani. Ndati asankhe okha. Zilembo zawo ndi zing'onozing'ono, ine sindiziona, ndiye muwerenge inuyo mudzandiuze.

Ndine mlongo wanu,
Wosoka nsapato uja

Moni, alamu anga. Bwerani ndithu. Misomali ndigwira ndine.