Madzi pa Bwalo la Nkhonya

Lolemba, 6 Seputembala 2004

Zatsimikizika. Pa 18, bwalo la kuseri kwa msika wa Kamwendo. Achimwene anga a Eneya ndi Vitus wanga, nkhonya. Wopambana amutenga bwana wina wa zankhonya wa ku Lilongwe, akamuphunzitse, ndi ntchito ya ulonda pamwamba. Mmodzi yekha. Amalume ati chinkhoswe chathu chidikire ntchito imeneyo, kabaza wa Vitusyu sadyetsa banja. Ndiye ine Dailesi ndichemerere uti? Uku mlongo, uku bwenzi. Mtima ukudziwa, pakamwa ndatseka.

Lachitatu, 8 Seputembala

Mphepo tsiku lonse. Tomato wanga pabenchi fumbi lokhalokha. Vitus wadutsa ndi kasitomala wa ku boda ya Mwami, belu ngiri ngiri monga mwa masiku onse, ine mano panja ngati chitsiru.

Amuna a pamsika nkhani ndi imodzi. Aliyense katswiri, ngakhale amene sanamenyepo ndi nkhuku yomwe. Koma owadziwa onse awiri ndine. Achimwene sabwerera m'mbuyo. Chibwano pachifuwa, kumangobwera basi, ngati ng'ombe yanunkhiza madzi. Iwe uwamenye zitatu, iwo akufuna imodzi yokha ya m'nthiti. Matumba a feteleza a pa boda anawaumitsa khosi. Vitus ayi. Anaphunzira ku Chipata. Dzanja lamanzere pha, pha, ukati ubweze wachoka kalekale. Mapazi ngati sakhudza pansi. Ine ndinayamba kukonda mapaziwo, nkhope inabwera pambuyo.

Loweruka, 11 Seputembala

Ndalota Lilongwe, kumene sindinapondeko. Nyumba yamalata, mpopi pakhonde, madzi akungotuluka osatseka. Vitus akuzungulira m'zingwe atavala zoyera, anthu onse chete, kumangomveka mapazi. Ndadzuka ndikumwetulira, kenako manyazi, poti achimwene m'malotomo munalibe.

Lachiwiri, 14 Seputembala

Ndinakaonerera Vitus akuyeserera pabwalo lija. Ati maraundi awiri oyamba alamu athamangitsa mphepo, yachitatu mpweya uwathera, kuyambira pamenepo iye azingotola. Koma fumbi! Watsokomola mpaka kugwira maondo, maso psuu. Pondiperekeza anati, "Mdani wanga si alamu ayi, ndi fumbi ili."

Kunyumba achimwene akukazinga mtedza, akuseka. Ati wovinayo athawira kuti, zingwe zili mbali zonse. Ndinaseka nawo. Mulungu andikhululukire, ndikufuna agonje.

Lachisanu, 17 Seputembala

Nzeru yandibwerera pamjigo. Kukakhala chimtali paukwati timatani? Timawaza madzi pabwalo kuti ovina asatsamwe. Nanga Vitus si wovina? Sindimuuza. Adzangoona fumbi palibe, adzadziwa yekha kuti ndi manja a ndani.

Loweruka, 18 Seputembala, m'mawa

Ndathira. Osati kuwaza kwa ulesi, kuthira ndithu, m'makona monse, mpaka khosi kuwawa ndi ndowa. Dothi likununkhira ngati mvula yoyamba. Ndinaima pakati pa zingwe ndekha, ndinazungulira kamodzi ngati iye. Ndavala chitenje chija anandigulira ku Mwami.

Lachiwiri, 21 Seputembala

Masiku awa cholembera chimandikana.

Dothi lija ndi katondo. Pamwamba panauma ndi dzuwa, pansi phala. Ife pachimtali timavina osavala nsapato, ndipo timangowaza. Vitus anavala nsapato zake zosalala za ku Chipata. Achimwene analowa osavala nsapato, zala zikukumba pansi ngati ali m'dimba.

Raundi yoyamba Vitus anayesa kuzungulira, phazi linapita lokha. Anayang'ana pansi, ndinaona nkhope ikusintha. Yachiwiri anasiya kuvina, anangoima. Vitus woima si Vitus. Yachitatu achimwene anamutsekera pakona pamene ndinathira kwambiri, imodzi ya m'nthiti ija. Anagwada, sanadzuke msanga.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma achimwene anandikoka pagulu, magolovesi ali m'manja, nakweza dzanja langa. "Mlongo wanga ndi uyu! Ndiye wathira madzi, amayi a pamjigo amuona. Sananditaye!" Anthu m'manja, nthungululu. Vitus anali akadali pansi. Anandiyang'ana kamodzi, kenako chitenje chija.

Lachinayi, 23 Seputembala

Achimwene akwera minibasi ya ku Lilongwe. Andilonjeza nsapato. Amayi akuyamika Mulungu, amalume ati mwana uyu ali ndi nzeru. Kwa Vitus ndapitako, azakhali ake ati wagona. Njinga pakhomo panalibe.

Pobwerera ndinadzera kubwalo. Katondo wauma, koma mzere wa chidendene chake ulipo, wautali, pamene anaterereka. Ndinaikamo phazi langa. Ndikumufuna, ndikumufuna.

Loweruka, 25 Seputembala

Tsiku la msika. Ndinakonzeka kuyambira m'mawa, mawu omuuza Vitus ochepa: ndinkafuna usatsokomole, basi.

Masana wabwera, kasitomala kumbuyo, akupalasa atapendekera mbali ya nthiti. Ndinaimirira. Wadutsa pafupi penipeni ndi benchi, maso kumsewu. Belu osaliza.

Fumbi la njinga yake lagwera pa tomato yense. Kapu ya madzi owazira tomato inali m'manja mwanga. Ndaibwezera pansi yodzaza.